Alexandre Dumas, Mdzukulu wa Kapolo Amene Anathyola Malamulo a Zisudzo

Anthu a ku Nchilamwela ndi midzi ina yoyandikana ndi minda ya tiyi ku Thyolo safuna kuuzidwa kuwawa kwake kwa kulima munda wa mwini, pakuti mbiri ya thangata ikali pakamwa pa akuluakulu. Agogo ake a Alexandre Dumas, mlembi wotchuka wa ku France, anaona zoposa thangata. Mayiwa, dzina lawo Marie-Cessette, anali kapolo wachikuda wa Mfalansa wina m'dziko limene lero likutchedwa Haiti, ndipo mu 1762 anamuberekera mbuye wawoyo mwana wamwamuna. Mwanayo, Thomas-Alexandre, atapita ku France analowa usilikali nakwera mpaka kukhala mkulu wa gulu lankhondo. Koma anasemphana maganizo ndi Napoleon, anakhala zaka ziwiri m'ndende ku Italy, ndipo anamwalira ali mmphawi mu 1806. Mwana wake Alexandre, wobadwa mu 1802, n'kuti asanakwane zaka zinayi.

Mnyamatayu sanapite patali ndi sukulu. Chimene chinamuthandiza kupeza ntchito ya ukalaliki ku Paris ndi dzanja lake lolemba bwino.

Masiku amenewo zisudzo za ku France zinali zomangidwa ndi malamulo akalekale. Sewero linayenera kukhala la nkhani imodzi, yochitika pamalo amodzi, m'tsiku limodzi. Kawirikawiri linkanena za mafumu a ku Greece ndi Rome, ndipo kuphana kunkangosimbidwa ndi wamthenga, osaonetsedwa. Tsono achinyamata amene anakulira m'nthawi ya chipwirikiti ndi nkhondo za Napoleon zoterezi zinkawamvekera ngati ndiwo zopanda mchere. Iwo ankafuna chikondi chotentha, nsanje, mantha, imfa, ndi mbiri ya dziko lawo lomwe. Ojambula zithunzi anali atayamba kale: mu 1819 Théodore Géricault anaonetsa chithunzi chachikulu cha anthu opulumuka pa ngozi ya sitima yapamadzi yotchedwa Méduse, ena atafa, ena akutha mphamvu, ndipo pamwamba pa onse pali munthu wakuda akukupiza nsalu. Maganizo atsopanowa ndiwo anatchedwa Romanticism.

Mu 1827 kunabwera ochita zisudzo ochokera ku England ndi masewero a Shakespeare. Dumas ataonera Hamlet, maso ake anatseguka. Mu February 1829 sewero lake la Mfumu Henri III linaonetsedwa pa bwalo la Comédie-Française, chimake cha malamulo akale aja. Silinali m'ndakatulo koma m'mawu olankhula anthu, ndipo linali ndi chiwembu, chikondi chobisa, ndi mwamuna wokakamiza mkazi wake mwankhanza kulemba kalata yotchera msampha amene mkaziyo ankamkonda. Anthu anaomba m'manja kwadzaoneni. Mabuku ambiri amati nkhondo ya olemba atsopano inapambanidwa ndi Hernani, sewero la Victor Hugo la mu 1830. Kumeneku n'kuiwala amene analambula njira chaka chimodzi m'mbuyo mwake.

Pambuyo pake Dumas anatembenukira ku nthano zazitali zotuluka m'nyuzipepala chigawochigawo. Les Trois Mousquetaires inatuluka mu 1844, ndipo chaka chomwecho inayamba Le Comte de Monte-Cristo, nkhani ya munthu womangidwa popanda mlandu amene anatuluka kudzabwezera. Wodziwa za bambo ake sangalephere kuona kumene mtima wa nkhaniyi unachokera. M'mabuku awiriwa anathandizidwa kwambiri ndi Auguste Maquet, amene dzina lake silinalembedwe pachikuto, ndipo apa Dumas alibe pobisala. Koma omunyoza ena sankafuna chilungamo ayi, ankangotola khungu ndi tsitsi lake. Za tsankho loterolo iye anali atalemba kale mu Georges, buku la mu 1843 lonena za ku Mauritius.

Ndalama ankazipeza zochuluka, namazimwaza ngati mankhusu. Chinyumba chimene anamanga nachitcha Monte-Cristo chinagulitsidwa chifukwa cha ngongole, ndipo mu 1851 anathawira ku Brussels, okongoza ali m'mbuyo. Anamwalira pa 5 December 1870 m'nyumba ya mwana wake pafupi ndi Dieppe, asanalandiridwepo m'bungwe la Académie française. Mafupa ake anasamutsidwira ku Panthéon, kumene kugona Victor Hugo, mu 2002.