Mayi C.J. Walker: Wochapa Zovala Amene Anamanga Fakitale

Pa 23 Disembala 1867, m'dera lolima thonje lotchedwa Delta, m'chigawo cha Louisiana ku America, munabadwa mwana wamkazi dzina lake Sarah Breedlove. Makolo ake, Owen ndi Minerva, pamodzi ndi akulu ake onse anali atakhalapo akapolo. Sarah ndiye anali woyamba m'banjamo kubadwa ali mfulu. Komabe ufuluwo sunabwere ndi munda kapena ndalama. Pofika zaka 7 anali atataya mayi ndi bambo omwe, ndipo anakakhala kwa mkulu wake Louvenia ku Vicksburg, kutsidya kwa mtsinje wa Mississippi. Kumeneko ankagwira ntchito za m'nyumba za anthu. Kusukulu sanapite kwenikweni. Kuwerenga pang'ono kumene ankadziwa anakuphunzira kwa miyezi yowerengeka ku Sande sukulu.

Ali ndi zaka 14 anakwatiwa ndi Moses McWilliams, makamaka pothawa nkhanza za mlamu wake. Mu 1885 anabereka mwana wamkazi, Lelia, ndipo mu 1887 mwamuna uja anamwalira. Ali ndi zaka 20 zokha, anali kale mayi wamasiye wokhala ndi mwana kumsana. Ambiri mwa ife tikuidziwa njira imeneyi, ena tinaiyenda tokha, ena tinaona amayi athu akuiyenda.

Mu 1888 anasamukira ku St. Louis, kumene alongo ake ankameta anthu. Kwa zaka zoposa 15 ntchito yake inali kuchapa ndi kusita zovala za eni ake, ndipo patsiku ankapeza dola imodzi ndi theka akachita mwayi. Pa kandalama kameneka ankadyetsa mwana, kulipira lendi, n'kusungako kena kuti Lelia aphunzire. Ankaimbanso kwaya ku tchalitchi cha St. Paul AME, kumene anakumana ndi amayi akuda ophunzira amene ankayendetsa magulu othandiza ovutika. Kumeneko anaona ndi maso ake zimene amayi amatha kuchita akagwirizana, ndipo sanaiwale.

Bizinesi yake inayambira pamutu pake pomwe. Masiku amenewo nyumba za osauka zinalibe mipopi, anthu sankatsuka tsitsi pafupipafupi, ndipo sopo amene analipo ankawotcha khungu. Amayi ambiri ankavutika ndi mfundu, zilonda za m'mutu ndi kuthothoka kwa tsitsi. Sarah nayenso tsitsi lake linayamba kuthothoka. Pofunafuna chithandizo anapeza mafuta a mayi wina wakuda wa bizinesi, Annie Turnbo, amene pambuyo pake anadziwika kuti Annie Malone, ndipo cha m'ma 1904 anayamba kumugulitsira katundu. Tiyeni tione bwino apa. Iye sanayambe ndi kutsegula yakeyake. Anayamba waoda kwa mnzake wodziwa kale, n'kuphunzira mmene katundu amapangidwira, mmene amayankhulira ndi wogula, ndi madandaulo amene ogula amakhala nawo.

Mu Julayi 1905 anasamukira ku Denver, ndipo mu Januwale 1906 anakwatiwa ndi Charles Joseph Walker, bambo wodziwa zotsatsa malonda m'nyuzipepala. Apa mpamene anayamba kudzitchula kuti Madam C.J. Walker, n'kuyamba kugulitsa mafuta akeake otchedwa Madam Walker's Wonderful Hair Grower. M'mafutawo munali sulufule, phula la njuchi, mafuta a kokonati, mafuta onga Vaseline ndi zonunkhiritsa. Annie Malone sanakondwe, ndipo ananena poyera kuti Mayi Walker amutengera kapangidwe kake. Zoona zake n'zakuti mankhwala a m'mutu okhala ndi sulufule analipo kale amayi awiriwa asanayambe malonda. Koma chidani chawo chinakhala mpaka imfa. Amene tinayambira geni pa benchi ya mnzathu tikudziwa kuti kusiyana kumawawa, ndipo amene wakuphunzitsa ntchito amayenera kutsanzikidwa bwino.

Kagulitsidwe ka Mayi Walker ndiko kanawasiyanitsa ndi anzawo. Ankayenda khomo ndi khomo, ndipo akafika sankangotulutsa chitini n'kutchula mtengo ayi. Ankamukhazika mayiyo pansi, kumutsuka m'mutu, kumupaka mafuta, kumupesa, n'kumuphunzitsa mmene angamadzisamalire yekha. Wogula ankaona zotsatira asanatulutse ndalama. Chinsinsi china chinali chakuti mafutawo ankayendera limodzi ndi chizolowezi chotsuka m'mutu pafupipafupi, choncho amene watsatira malangizo ankaonadi kusintha, n'kukauza anzake. Kasitomala wokhutira ankasanduka wotsatsa malonda wosalipidwa. Ifenso tikamagulitsa chitenje, nsomba zouma kapena mapoto, wogula amene tamuuza zoona za katunduyo, mmene angamusungire ndi mmene angamugwiritsire ntchito, ndi amene amabweranso atatenga mnzake.

Pa chitini chilichonse anaikapo nkhope yawo. Pa nthawi imene makampani ambiri ankatsatsa mafuta oyeretsa khungu ndi zithunzi zonyoza anthu akuda, mayi wakuda anaima poyera ndi tsitsi lake kuti ogula adziwe mwini katundu. M'nyuzipepala za anthu akuda ankaikamo zithunzi zawo zosonyeza mmene tsitsi linalili kale ndi mmene linakulira, pamodzi ndi makalata a ogula oyamikira. Munthu akaika dzina ndi nkhope yake pa katundu sangayerekeze kusungunula mafuta kapena kubera pa sikelo, chifukwa manyazi ake adzamupeza yekha.

Kwa chaka ndi theka iwo ndi amuna awo anayendayenda m'zigawo za kummwera ndi kummawa kwa America. Akafika m'tauni yachilendo ankayamba kupita kutchalitchi ndi ku magulu a amayi, n'kupempha mpata wochita chionetsero. Asanachoke ankasiya ataphunzitsa mayi mmodzi kapena awiri oti apitirize kugulitsa kumeneko. Kumbuyoku Lelia ankalandira maoda obwera pa positi n'kutumiza katundu. Mu 1908 anatsegula sukulu ya zosamalira tsitsi ku Pittsburgh, imene anaitcha Lelia College. Mu 1910 anakhazikitsa likulu la kampani ku Indianapolis, mzinda umene njanji zambiri zinkakumana, kotero kuti katundu ankatha kupita mbali iliyonse mosavuta. Kumeneko anamanga fakitale, saluni ndi sukulu ina. Ife oyenda m'mabasi ndi katundu tikudziwa kuti malo abwino a bizinesi ndi amene mayendedwe ake sakudya phindu lonse.

Mayi Walker ankadziwa zimene sadziwa. Analemba ntchito loya, Freeman B. Ransom, kuti aziyang'anira za malamulo ndi mabuku a ndalama. Anatenganso Alice Kelly, yemwe kale anali mphunzitsi, kuti aziyang'anira fakitale, ndipo mayi yemweyu ankawathandiza kukonza kalembedwe ndi kayankhulidwe kawo. Bwana wa kampani sanachite manyazi kuphunzitsidwa ndi wantchito wake. Kunyumba zinthu sizinayende chimodzimodzi. Iwo ndi Bambo Walker ankasiyana maganizo pa kayendetsedwe ka bizinesi ndi zina za m'banja, ndipo ukwati unatha mu 1912. Dzina anakhala nalo chifukwa ndilo ogula ankalidziwa, ndipo kampani inakhala m'manja mwawo chifukwa inalembedwa mwalamulo ngati yawo. Amayi anzathu, nkhani ya mapepala tisamaitenge mopepuka.

Chaka chomwecho cha 1912 anapita ku Chicago ku msonkhano wa National Negro Business League, bungwe la anthu akuda a bizinesi limene mtsogoleri wake anali Booker T. Washington. Sanapatsidwe mpata woyankhula. Tsiku lomaliza anangoimirira pakati pa anthu n'kufotokoza mmene anachokera m'minda ya thonje, kudzera pa beseni lochapira, mpaka kumanga fakitale pamalo awoawo. Chaka chotsatira anaitanidwa ngati mmodzi wa oyankhula. Mu 1913 anawoloka nyanja kukatsegula misika ku Jamaica, Haiti, Cuba, Costa Rica ndi Panama, ndipo kulikonse njira inali yomweija: kuonetsa, kuphunzitsa, n'kusiya munthu wa komweko akugulitsa.

Chuma chenicheni cha kampaniyi chinali amayi ogulitsa. Pofika 1917 kampani inkanena kuti yaphunzitsa amayi pafupifupi 20,000. Ambiri mwa iwo anali ochapa zovala, ophika ndi antchito a m'nyumba, amene tsopano ankapeza ndalama zoposa zimene ankalandira kwa mabwana awo akale. Ankavala bulauzi yoyera ndi siketi yakuda, atanyamula chikwama chakuda cha katundu, ndipo ukhondo unali lamulo. Mayi Walker anawasonkhanitsa m'magulu a m'madera mwawo, ndipo mu 1917 anachititsa msonkhano wawo waukulu woyamba ku Philadelphia, kumene kunafika amayi pafupifupi 200. Mphoto zinaperekedwa kwa amene anagulitsa kwambiri ndi amene anabweretsa ogulitsa atsopano ambiri, komanso kwa magulu amene anathandiza kwambiri ovutika kwawo. Msonkhano womwewo unatumiza uthenga kwa Pulezidenti Woodrow Wilson wopempha lamulo loletsa kupha anthu akuda mwachipongwe, kumene magulu a azungu ankachita popanda mlandu. Mutu umodzi susenza denga, ndipo iwo anaona kuti amayi amene ali ndi ndalama zawozawo akayankhulira pamodzi amamveka.

Kupereka anayamba asanalemere kwenikweni. Mu 1911 anapereka madola 1,000 pomanga nyumba ya YMCA ya anthu akuda ku Indianapolis, mphatso imene inadabwitsa anthu ndi kutchukitsa dzina lawo. Anathandiza sukulu ya Tuskegee ndi sukulu ya atsikana ya Mary McLeod Bethune ku Daytona. Mu 1919 analonjeza madola 5,000 ku bungwe la NAACP pa ntchito yolimbana ndi kuphedwa kwa anthu akuda. Ogula ankaona kuti ndalama yawo ikubwerera kwa anthu awo, ndipo izi zinalimbitsa chikhulupiriro chawo pa kampaniyo.

Mu 1916 anasamukira ku New York, ndipo mu 1918 analowa m'nyumba yawo yaikulu yotchedwa Villa Lewaro ku Irvington, imene pulani yake anajambula katswiri wakuda, Vertner Tandy. Sanakhalemo nthawi yaitali. Maulendo osatha ndi ntchito yosapuma zinali zitawafooketsa, ndipo madokotala ankawachenjeza za kuthamanga kwa magazi. Anamwalira pa 25 Meyi 1919 impso zitasiya kugwira ntchito, ali ndi zaka 51. Chuma chimene anasiya chinali cha madola pafupifupi 600,000, ndalama zochuluka zedi masiku amenewo. Mu wilo yawo analemba kuti magawo awiri mwa atatu a phindu la kampani la m'tsogolo azipita ku ntchito zachifundo. Lelia, amene tsopano ankatchedwa A'Lelia Walker, anakhala mtsogoleri wa kampani, ndipo kampaniyo inapitirira mpaka 1981.

Tikawerengera, kuchokera pamene anayamba kugulitsa mafuta awo mu 1906 kufika pa imfa yawo panangodutsa zaka 13. Zaka zochapa zovala zinali zambiri kuposa zaka za bizinesi, ndipo anayamba ali ndi zaka 38, msinkhu umene ena mwa ife timati nthawi yatha. Kaya kwanu mumati banki m'khonde, chilimba, xitique, mukando kapena stokvel, tsiku logawana likafika funso limakhala limodzi: ndalamayi ipite kuti? Moyo wa Mayi Walker ukutiuza kuti tiiike pa katundu amene tikumudziwa bwino ndipo sitingachite naye manyazi, tilembe chilichonse cholowa ndi chotuluka, tisunge wogula ngati mbale, ndipo tiphunzitse mnzathu m'malo momuopa. Ukutikumbutsanso kuti thupi nalonso ndi mpamba. Tikamawerengera katundu ndi phindu, tizipezanso tsiku lokayezetsa BP, kuti ana athu adzalandire bizinesi kuchokera m'manja mwathu ife tikadali moyo.