Lars Leksell: dokotala wa opaleshoni yopanda mpeni

Matenda a mtsempha wa kunkhope otchedwa trigeminal neuralgia amabaya ngati magetsi, moti wodwala amaopa kutafuna, kutsuka mano ngakhale kuyankhula. Kale madokotala ankaboola chigaza kuti aufikire mtsemphawo, ndipo odwala ena ankatsikira kulichete.

Lars Leksell, dokotala wa ubongo wa ku Sweden yemwe anabadwa mu 1907, anafunafuna njira ina. Mu 1949 anapanga chitsulo chomangirira kumutu chomwe, mothandizidwa ndi zithunzi za X-ray, chinkaloza malo enieni ofunika muubongo. M'zaka za m'ma 1950 anayamba kuotcha mtsemphawo ndi cheza champhamvu osacheka khungu. Makina ake otchedwa Gamma Knife anayamba kugwira ntchito ku Stockholm mu 1968.

Leksell anamwalira mu 1986, koma makinawa akuthandizabe odwala mpaka lero.