Georg Ohm, Mphunzitsi Amene Dzina Lake Lili Kumbuyo kwa Sipika Yanu

Ngati muli ndi sipika pakhomo, kapena ilipo kuchalichi kwanu kapena kumzikiti, taitembenuzani muone kumbuyo kwake. Pali kapepala kolembedwa manambala. Mupezapo 4, kapena 6, kapena 8. Pambali pa nambalayo pali kacizindikiro kooneka ngati mtsuko wovundikira: Ω. Pena amangolemba kuti ohm. Muonenso kumbuyo kwa ampulifaya, bokosi lija lokweza mawu limene ambiri kuno ku Lichinga amati amplificador. Naponso pali cizindikiro comweco, pafupi ndi pomangira mawaya a sipika.

Ohm ndi dzina la munthu. Anali mphunzitsi wa masamu ku Germany, ndipo anamwalira kalekale, m'caka ca 1854. Iyeyu sanaonepo sipika, sanamvepo wailesi, ndipo m'nyumba mwake munalibe babu la magetsi. Koma ndiye anapeza lamulo limene lingakuuzeni cifukwa cake ampulifaya imapsa pa ukwati, nyimbo zili mkati, anthu akuvina.

Georg Simon Ohm anabadwa m'caka ca 1789 m'tauni ya Erlangen. Bambo ake, a Johann Wolfgang Ohm, anali mmisiri wa maloko ndi makiyi. Mayi ake anali mwana wa telala. M'banjamo munabadwa ana 7, koma amene anakula ndi atatu okha: Georg, mng'ono wake Martin, ndi mlongo wawo Elizabeth Barbara. Mayi anamwalira Georg ali ndi zaka 10.

Bambowa sanapite patali ndi sukulu. Anadziphunzitsa okha powerenga mabuku, ndipo zimene anadziwa ankaphunzitsa ana awo pakhomo: masamu ndi sayansi. Georg ankapitanso kusukulu ya m'tauniyo, koma kumeneko kunali kuloweza kokhakokha. Masamu enieni anawaphunzira kwa bambo ake. Martin nayenso anadzakhala pulofesa wa masamu ku Berlin. Ana awiri a mmisiri wa makiyi amenewo!

Musaganize kuti Georg anali mwana wosalakwa. M'caka ca 1805 analowa yunivesite ya ku Erlangen komweko, koma mabuku anawaika pambali. Nthawi yake inkathera kovina, kutsetsereka pa madzi oundana nyengo ya cisanu, ndi kusewera biliyadi, masewera aja a pathebulo amene anyamata amakonda m'mabaraka. Bambo ake anakwiya poona mwayi ukutayika. Patangotha caka ndi theka anamucotsa, namutumiza ku Switzerland kuti akadzidyetse yekha. Mu 1806, ali ndi zaka 17, Georg anayamba kuphunzitsa masamu pasukulu ina kumeneko. Kumeneko ndiye anayamba kuwerenga payekha mabuku ovuta a masamu. Mu 1811 anabwerera ku Erlangen n'kulandira digiri ya udokotala.

Digiri anaipeza, koma ndalama ayi. Anaphunzitsako pang'ono payunivesite, malipiro ake osakwana. Mu 1813 anapita kukaphunzitsa ku Bamberg, pasukulu yosauka imene pambuyo pake inatsekedwa. Zinthu zinayamba kuyendako mu 1817, atapeza nchito pasukulu yabwino mumzinda wa Cologne. Sukuluyo inali ndi cipinda cokhala ndi zipangizo zoyesera za sayansi. Munthu amene anakulira pakati pa zitsulo ndi matupa a bambo ake sakanacisiya cipinda cotere.

Masiku amenewo magetsi anali cinthu cacilendo. Anthu ankawapeza m'mabatire opanga okha, a tizitsulo tosanjikiza ndi madzi a mcere kapena asidi. Mu 1820, Hans Christian Ørsted wa ku Denmark anaona kuti magetsi akamadutsa m'waya, singano ya kampasi imene ili pafupi imatembenuka. Apa anthu anapeza njira yoonera magetsi ndi maso. Singano ikatembenuka kwambiri, ndiye kuti magetsi akudutsa ambiri.

Ohm anali ndi funso limodzi. Kodi n'ciyani cimacititsa kuti magetsi adutse ambiri kapena ocepa m'waya? Poyamba ankayesa ndi mabatire, koma ankamusokoneza. Mphamvu yake inkatsika iye ali mkati moyesa, ndipo manambala sankagwirizana. Katswiri wina, Johann Christian Poggendorff, anamulangiza njira ina. Mukalumikiza zitsulo ziwiri zosiyana, mfundo imodzi n'kuitenthetsa, ina n'kuizizritsa, pamatuluka magetsi pang'ono koma osasinthasintha. Ohm anatenga mkuwa ndi citsulo cochedwa bismuth. Mfundo imodzi anaiika m'madzi owira, ina m'madzi oundana. Mu Januwale 1826 anayesa mawaya 8 a mkuwa, onenepa mofanana koma osiyana kutalika. Waufupi unali pafupifupi masentimita 5, wautali pafupifupi mamita 7. Ankalumikiza waya umodzi, kuyang'ana singano, kulemba nambala, kucotsa, kuika wina. Nchito yotopetsa, ya munthu wodekha.

Zimene anapeza tingazimve poganizira madzi a m'paipi. Pali mphamvu imene imakankha madzi. Pali kuculuka kwa madzi amene akudutsa. Ndipo pali paipi yeniyeniyo, imene imalola kapena kukaniza madziwo. Paipi yaikulu ndi yaifupi imalola madzi ambiri. Yopyapyala ndi yaitali imakaniza. Magetsi nawo ndi momwemo. Mphamvu yokankha timaiyeza ndi mavolti. Kuculuka kwa magetsi odutsa timakuyeza ndi maampeya. Kukaniza kwa waya kapena cipangizo ndiko lero timakuyeza ndi ma ohm. Lamulo la Ohm ndi lalifupi: gawani mavolti ndi ma ohm, mupeza maampeya. Ma ohm akacepa, magetsi odutsa amaculuka.

Tsopano bwererani kwa sipika yanu ija. Tinene kuti ampulifaya ikukankha mavolti 16, ndipo sipika ndi ya ma ohm 8. Gawani 16 ndi 8. Mwapeza 2. Akudutsa maampeya 2, ndipo ampulifaya ikugwira nchito yake bwinobwino. Ndiye pabwera mnzanu ndi sipika yake ya 8, akuti phokoso likule. Mwamanga mawaya ake pamalo omwewo pamene pali a sipika yoyamba, wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda. Ambiri amaganiza kuti 8 ndi 8 apanga 16. Ayi ndithu. Mwatsegulira magetsi njira ziwiri, ngati mwaboola mapaipi awiri pa thanki imodzi. Kukaniza kwatsika kufika pa 4. Gawani 16 ndi 4: maampeya 4. Mukaika masipika anayi motero, ma ohm atsika kufika pa 2, ndipo maampeya afika pa 8. Ampulifaya ikusenza katundu wa anthu anayi. Imatentha, mawu amayamba kusasa, ndipo ngati ilibe cozitetezera, mumangomva fungo la kupsa.

N'cifukwa cake muyenera kuwerenga nambala ija kumbuyo kwa ampulifaya musanamange kanthu. Ikalembedwa 4 mpaka 8, kapena 4 mpaka 16, musatsike kupitirira 4. Ikalembedwa 8 yokha, mbali iliyonse ilandire sipika imodzi ya 8 basi. Ilipo njira ina yomangira masipika awiri, yotsatizana ngati mikanda pa ulusi: waya kucoka pofiira pa ampulifaya kupita pofiira pa sipika yoyamba, kucoka pakuda pa yoyamba kupita pofiira pa yaciwiri, ndi kucoka pakuda pa yaciwiri kubwerera pakuda pa ampulifaya. Mukatero ma ohm amaphatikizana. Masipika awiri a 4 amapanga 8. Mawu satuluka amphamvu monga m'njira ina ija, koma ampulifaya imapuma.

Coopsa kwambiri ndi kaulusi kamodzi ka mkuwa. Mukasenda waya wa sipika, timaulusi take timabalalika. Kamodzi kokha kakacoka pofiira n'kukhudza pakuda, magetsi apeza njira yacidule imene ilibe kukaniza kulikonse. Amathamangira pomwepo onse, ndipo ampulifaya ingafe nthawi yomweyo. Conco sendani pang'ono cabe, potani timaulusito mwamphamvu, ndipo mangani mawaya mutazimitsa ampulifaya ndi kuzula pulagi kukhoma. Poyatsa, voliyumu ikhale pansi, ndipo ampulifaya muiyatse pomaliza, zina zonse zitayaka kale. Pozimitsa, iyambe ndi iyo. Timabowo tapamwamba pake ndi topumira, musatiphimbe ndi citenje ngakhale mukuopa fumbi. Fyuzi ikapsa, gulani ina ya nambala yomweyo. Kumangapo waya kapena pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya ndi kucotsa mlonda pakhomo.

Lamulo lomweli limakhudzanso thupi lanu. Magetsi a EDM amene ali m'soketi ndi a mavolti 220. Khungu louma limakaniza magetsi kwambiri. Khungu lonyowa limakaniza pang'ono. Ndiye m'nyengo ya mvula, munthu wopanda nsapato pa simenti yonyowa, manja ali ndi madzi, ma ohm a thupi lake atsika, ndipo magetsi odutsa mwa iye angamuphe. Musatsegulenso bokosi la ampulifaya kuti muone mkati. Muli zipangizo zimene zimasunga magetsi kwa kanthawi ngakhale mwazula pulagi. Zimenezo asiyireni amisiri. Zaka zoposa 40 Ohm asanayese mawaya ake, munthu wina wa ku England, Henry Cavendish, ankayeza magetsi powadutsitsa m'thupi lake lomwe n'kumva ululu wake. Anayandikira lamulo lomweli koma sanalifalitse. Njira yakeyo inu musaiyesere.

Tibwerere kwa Ohm, amene tinamusiya ali ndi mawaya ake ku Cologne. Mu 1826 anapempha chuti ca caka cimodzi, akulandira theka la malipiro, n'kupita ku Berlin kumene kunali mng'ono wake. Mu 1827 anatulutsa buku lofotokoza kayendedwe ka magetsi pogwiritsa nchito masamu. Ankayembekeza kuti bukulo limutsegulira citseko ca yunivesite. Sizinatero. Munali masamu ambiri, ndipo akatswiri ambiri a ku Germany nthawi imeneyo sankakonda kufotokoza za cilengedwe ndi masamu. Ena anangolinyalanyaza, ena analitsutsa poyera. Komanso wolembayo anali mphunzitsi wa ana asukulu cabe, wopanda mpando pa yunivesite.

Ohm anakhumudwa, ndipo mu 1828 anasiya nchito yake ya ku Cologne. Apa mwina anafulumira, cifukwa inali nchito yabwino kuposa zonse zimene anagwirapo. Anakhala ku Berlin akuphunzitsa masamu maola owerengeka m'masukulu, ndalama zake zocepa. Zaka zinadutsa zisanu. Munthu wa zaka zoposa 40, amene anapeza limodzi mwa malamulo akuluakulu a magetsi, ankakhala ngati waganyu. Mu 1833 ndi pamene anapeza nchito yokhazikika pasukulu ya zaumisiri ku Nuremberg.

Ulemu unabwera pambuyo pake. Akatswiri a ku France ndi ku England atayesa okha, anapeza kuti mphunzitsi uja ananena zoona. Mu 1841 bungwe la Royal Society la ku London linamupatsa mendulo yake yaikulu, Copley Medal, ndipo caka cotsatira linamulandira kukhala membala. 

Pali cinthu cina cimene cimamuyandikitsa kwa ife okonda nyimbo. Ku Nuremberg anafufuzanso za mawu. Mu 1843 analemba kuti liwu limodzi la coimbira silikhala lokha, koma muli timawu tingapo tosanganikirana, tokwera ndi totsika, ndipo khutu limatha kutisiyanitsa. Kusanganikirana kumeneku n'kumene kumacititsa kuti gitala ndi limba zimveke mosiyana ngakhale zikuimba liwu limodzi. Apanso anatsutsidwa, n'kuisiya nkhaniyo. Hermann von Helmholtz ndi amene anadzaipitiriza pambuyo pake.

Mu 1849 anaitanidwa ku Munich, ndipo mu 1852 anapatsidwa mpando wa pulofesa wa sayansi payunivesite ya kumeneko, cinthu cimene anacifuna moyo wake wonse. Anali ndi zaka 63. Anakhalapo zaka ziwiri zokha. Anamwalira pa 6 Julayi 1854 ndipo anaikidwa ku Munich komweko. Sanakwatire, sanasiye mwana.

Mu 1881, patatha zaka 27 cimwalirire, akatswiri a magetsi a maiko ambiri anakumana ku Paris n'kugwirizana maina a miyeso ya magetsi. Muyeso wa kukaniza anauvomereza ndi dzina lake. Kamtsuko kovundikira kaja ndi cilembo comaliza ca Cigiriki, dzina lake omega, ndipo kamayamba ndi liwu lofanana ndi la dzina la Ohm. Powerenga, h uja samveka. Mumakoka o pang'ono n'kutseka milomo: oom.