Paul Ngozi, Woliritsa Gitala m'Chinyanja

Paul Dobson Nyirongo, wodziŵika ndi dzina loti Paul Ngozi, adabadwira ku Lusaka m'chaka cha 1949. Pa nthaŵi imene achinyamata ambiri ankangotsanzira oimba akunja, iye adatenga gitala yamagetsi ya rock naisakaniza ndi maimbidwe akwao, naimba m'Chinyanja za moyo wa m'makomboni. Gulu lake la Ngozi Family lidatulutsa chimbale cha Day of Judgement m'chaka cha 1976. Pabwalo, gitalayo nthaŵi zina ankailiza ndi mano.

Mtengo wa mkuwa utagwa, chuma cha Zambia chidaloŵa pansi, ndipo nyimbo zotere, zotchedwa Zamrock, zidazilala. Ngozi adamwalira m'chaka cha 1989. Koma m'chaka cha 2024 woimba wa ku America, Tyler, the Creator, adabwereka chigawo cha nyimbo yake ya Nizakupanga Ngozi, ndipo maiko akutali adaimva.