Albert Sabin ndi Katemera wa Pakamwa

Albert Sabin anabadwa m'caka ca 1906 ku Białystok, mzinda umene lero uli m'dziko la Poland, nasamukira ku America mu 1921. Pogwira nchito ya udokotala ku Cincinnati, anaonetsa kuti kacirombo ka poliyo kamalowera pakamwa ndi kuswana m'matumbo kasanapuwalitse mwana. Cifukwa cace anakonza katemera wa tizirombo tamoyo tofooketsedwa, wodonthezera m'kamwa, kuti thupi litsekereze mdaniyo pakhomo pomwe. Mu 1959 ana miyandamiyanda a ku Soviet Union analandira katemerayu. Sabin sanafune kulemera naye, ndipo anamwalira mu 1993.

Aphunzitsi anzanga, poliyo alibe mankhwala ociritsa. Tsiku la katemera likafika, tikumbutse makolo kuti mwana aliyense akalandire madonthowo.