Wamisala Adaona Nkhondo: Mbiri ya a Edward Mukuka Nkoloso

 Ulendo uno ndakutengerani mbiri ya bambo wina wa kwa anansi athu ku Zambia, amene adatisiya kalekale mu 1989 koma dzina lawo likutchulidwabe. Amenewa ndi a Edward Mukuka Nkoloso, mphunzitsi amene adasonkhanitsa achinyamata ongodzipereka n'kuwauza kuti munthu wakuda nayenso angathe kukaponda mwezi. Dziko lidawaseka. Ine sindikuletsani kuseka, pakuti nkhaniyi njoseketsadi, koma tikatha kuseka tifunsane ngati bambowa tawamvetsa.

A Nkoloso adabadwa mu 1919 kumpoto kwa dziko limene masiku amenewo linkatchedwa Northern Rhodesia, kudera la Abemba. Adaphunzira kwa amishoni mpaka kudziwa Chilatini. Itabuka nkhondo yachiwiri ya dziko lonse adalowa usilikali m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, ndipo adafika pa udindo wa sajeni m'chigawo chotumiza mauthenga. Tingati adali mnzathu ife a wailesi, chifukwa ntchito yawo idali yoonetsetsa kuti mawu achoke kuno akafike kutali.

Nkhondo itatha adagwira ntchito yotanthauzira zinenero m'boma la atsamunda, kenako adakhala mphunzitsi. Adatsegula sukulu yawoyawo koma Angerezi adaitseka. Apa mpamene adalowa ndale zomenyera ufulu. Adamangidwa mu 1956 ndiponso mu 1957, ndipo pambuyo pake adakhala mmodzi wa oyang'anira chitetezo m'chipani cha UNIP cha a Kenneth Kaunda. Musaiwale mbali imeneyi, abale anga. Munthu amene adadzayamba kukamba za mwezi sadali wongokhala pamphala, adali munthu woti ndende adailawa chifukwa cha dziko lake.

M'zaka zomwezo maiko awiri akuluakulu, Soviet Union ndi America, adali pa mpikisano wa kuthambo. Pa 4 Okutobala 1957 a ku Soviet Union adaulutsa Sputnik, kachipangizo koyamba kuzungulira dziko lathuli. Pa 12 Epulo 1961 Yuri Gagarin adakhala munthu woyamba kupita mumlengalenga, ndipo adazungulira dziko kamodzi pa ulendo wa mphindi 108. Mu 1963 kudapitanso mayi woyamba, Valentina Tereshkova. Kuno ku Africa anthu ankangomva zonsezi pa wailesi ngati nthano za eni ake. A Nkoloso adakana kukhala womvera chabe. Iwo eni ankasimba kuti chidwi chidayamba tsiku limene adakwera ndege koyamba, pamene adapempha woyendetsa kuti aime pang'ono atsike akaponde mitambo, woyendetsayo n'kukana.

Mu 1960 adayambitsa bungwe lawo, Zambia National Academy of Science, Space Research and Philosophy, ndiye kuti sukulu ya sayansi, kafukufuku wa kuthambo ndi nzeru zakuya. Dzina lalikulu ndithu, koma likulu lake lidali famu yosiyidwa, makilomita 11 kuchokera mu mzinda wa Lusaka. Kumeneko ankaphunzitsa achinyamata 12 amene adawapatsa dzina loti Afronauts, kutanthauza Aafirika oyenda mumlengalenga. Pakati pawo padali mnyamata wina, Godfrey Mwango, amene adasankhidwa kupita kumwezi, ndi mtsikana wosakwana zaka 18, Matha Mwamba, amene ankati adzapita ku pulaneti ya Mars pamodzi ndi amphaka awiri ndi mmishonale mmodzi.

Nanga ankaphunzira bwanji? Apa ndiye pali nkhani. Wophunzira ankalowa mu mgolo wa mafuta wa malita 200, anzake n'kumugubuduza kuchokera pamwamba pa chitunda kuti azolowere kugwedezeka ndi chizungulire cha m'roketi. Ankakweranso katungwe kuti amve mmene thupi limapepukira, komanso ankaphunzira kuyenda ndi manja miyendo ili m'mwamba. Roketi yawo ankaitcha D-Kalu 1 polemekeza a Kaunda. Idali ngati mgolo waukulu wa aluminiyamu ndi kopa, wotalika mamita atatu. A Nkoloso ankafuna kuiulutsa pa 24 Okutobala 1964, tsiku limene Zambia idalandira ufulu, koma akuluakulu okonza mwambowo sadalole. Adalembera bungwe la UNESCO kupempha mapaundi 7 miliyoni, ndalamazo sizidabwere. Boma latsopano la Zambia nalonso lidanena kuti mapemphowo sadali a boma. Atolankhani a kunja adabwera ndi makamera awo, adajambula migolo ikugubuduka, ndipo ku Ulaya ndi ku America anthu adafa nacho chiseko.

Gululo silidakhalitse. Ndalama padalibe, anyamata adabalalika kukafuna zina, ndipo Matha adatenga pathupi, makolo ake n'kumutenga kubwerera naye kumudzi. Mu Julaye 1969 Neil Armstrong ndi Buzz Aldrin a ku America ndiwo adaponda mwezi.

Tinene zoona, roketi ija sikadauluka ngakhale pang'ono. Kuti chombo chizungulire dziko osagwa chimayenera kuthamanga pafupifupi makilomita 28,000 pa ola. Pa liwiro limeneli ulendo wochoka ku Ulóngue kukafika mu mzinda wa Tete sungakwane ndi mphindi imodzi yomwe. Mwezi uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 384,000. Roketi ya Saturn V imene idanyamula Armstrong ndi anzake idali yotalika mamita 110, yolemera matani pafupifupi 3,000, ndipo anthu amene adagwira ntchito yokonza maulendo a Apollo adali pafupifupi 400,000. Mtima wokha, ngakhale ulimbe bwanji, sukweza chitsulo kumwamba. Pamafunika masamu, mafakitale ndi sukulu za zaka zambiri, zinthu zimene atsamunda sadazisiye. Pa tsiku la ufulu Zambia idalibe yunivesite ndi imodzi yomwe, ndipo nzika zakuda zimene zidali ndi digiri zidali pafupifupi 100 basi.

Kodi tsono a Nkoloso adali amisala? Anthu amagawanika pa nkhaniyi mpaka lero. Ena amati mutu wawo udasokonekera ndi nkhondo ndi ndende. Ena amati adali kuwanyogodola azungu mochenjera. Amatchula zimene adalemba m'nyuzipepala, kuti adalangiza mmishonale uja kuti akafika ku Mars asakakakamize eni dziko kulowa chipembedzo ngati sakufuna. Aliyense wodziwa mbiri ya mmene alendo adalowera m'maiko athu ano akumva kumene mawu amenewo ankaloza. Ine maganizo anga ndi akuti zonse ziwiri zidalimo, nthabwala ndi kutsimikiza mtima, monga achitira mkulu wodziwa kuyankhula pabwalo: mukuseka, koma mawuwo akulowa.

Chimene chimandikhutiritsa kuti sadali munthu wotayika ndi ntchito imene adapatsidwa pambuyo pake, ndipo mbali imeneyi ikutikhudza ife a ku Tete. A Kaunda adawaika kukhala nthumwi yawo ku African Liberation Centre mu Lusaka, malo amene munkakhala maofesi a magulu omenyera ufulu wa maiko a kum'mwera kwa Africa, monga ANC, ZAPU, SWAPO, MPLA ndi FRELIMO. Akuluakulu mukukumbukira kuti mu 1968 FRELIMO idatsegula nkhondo m'chigawo chathu chino polowera ku Zambia. Choncho bambo yemwe uja wa migolo ndi amphaka ndiye ankayang'anira nyumba imene inkasunga omenyera ufulu, athu omwe ali pomwepo. Wamisala weniweni sangapatsidwe makiyi a nyumba yotere.

Sukulu sadaisiye. Mu 1983, ali ndi zaka zoposa 60, adalandira digiri ya malamulo ku yunivesite ya Zambia. Ankalimbikitsanso kuti asing'anga a zitsamba azilemekezedwa ndi kugwira ntchito moyandikana ndi madokotala. Dziko la Soviet Union lidawapatsa mendulo yokumbukira zaka 40 chithere nkhondo yachiwiri. Adamwalira pa 4 Malichi 1989 ndipo adaikidwa m'manda mwaulemu wa boma.

Akulu akale adati wamisala adaona nkhondo. Mu 2002 Mark Shuttleworth wa ku South Africa adapita mumlengalenga, ndipo mu 2022 Sara Sabry wa ku Egypt adakhala mayi woyamba wa mu Africa kufika kumeneko. Chaka chomwecho Zimbabwe idakhala ndi setilaiti yake yoyamba, ZimSat-1, ndipo Angola idaulutsa Angosat-2. Nkhani ya zanyengo imene timaidikira pa wailesi tisanabzale chimanga kapena kachewere imachokera ku zithunzi zojambulidwa ndi masetilaiti. Zakuthambo zija tinkaziyesa za eni ake lero zili m'munda mwathu. Nalo dzina la a Nkoloso lidadzukanso: wojambula zithunzi Cristina de Middel adatulutsa buku la Afronauts mu 2012, mu 2014 kudatuluka filimu yaifupi ya dzina lomwelo, ndipo mlembi wa ku Zambia, Namwali Serpell, adawaika m'buku lake la The Old Drift mu 2019.

Ine phunziro ndatolapo ndi ili. A Nkoloso adali ndi funso labwino koma adalibe sukulu zoti ziwayankhe. Ife lero sukulu tili nazo, koma kawirikawiri funsolo ndi limene timalipha. Mwana akafunsa kuti bwanji mwezi sugwa, kapena kuti mawu a pa wailesi amayenda bwanji popanda waya, timamukalipira kuti asiye zamisala apite akamange mbuzi. Ndimaganiziranso za Matha. Dziko lonse lidamujambula, koma ulendo wake udathera pomwe umathera wa atsikana ambiri a m'midzi mwathu muno, amene amasiya sukulu chifukwa cha mimba ndi maukwati a ana.

Kalabu yathu nayonso ndi ya anthu ongodzipereka, ndipo roketi sitingapange. Koma tingathe kuitana mphunzitsi wa sayansi kuti adzakhale nafe pa msonkhano umodzi. Tingathe kutuluka ndi ana usiku wa m'nyengo yachisanu, pamene thambo la kuno kumapiri limayera mbee, agogo n'kuwaonetsa Nthanda ndi Nsangwe, aphunzitsi n'kuwauza kuti Nthandayo ndi pulaneti imene m'mabuku amaitcha Venus.

Pokumana sabata ino kambiranani mafunso awa: Kodi m'mudzi mwanu muli mwana amene mumamuti wamisala chifukwa chofunsafunsa? Nanga ndi atsikana angati asiya sukulu chaka chino, ndipo kalabu yanu yachitapo chiyani? Mayankho anu tumizani kwa mlembi wa kalabu kuti tidzawamve pa wailesi.