Mbiri ya Paul Harris

Paul Harris adabadwa m'chaka cha 1868 ku Racine, m'dziko la America. Atayamba ntchito ya uloya ku Chicago, ankasungulumwa kwambiri mumzinda waukuluwo. Choncho pa 23 February 1905 iye ndi anzake atatu adayambitsa kalabu. Poti ankakumana mosinthanasinthana m'maofesi mwawo, kalabuyo adaitcha Rotary. Mu 1907 mamembala adayamba kuthandiza anthu polimbikitsa kuti mumzindamo mumangidwe zimbudzi za aliyense.

Harris adalemba za moyo wake ndi chiyambi cha kalabuyi m'buku lotchedwa My Road to Rotary kuti zisadzaiwalike. Adamwalira mu 1947, bukulo n'kutuluka mu 1948.

Ophunzira, taonani kuti mbiri yabwino singotchula zaka zokha ayi. Imafotokozanso chomwe chidamuchititsa munthuyo kuchita zimene adachitazo.